Zigubu Ziwiri

Injini yatsopanoyo inabwera m'bokosi lamatabwa, ndipo amuna anayi anaitsitsa pa lole akudandaula misana. Alamu anga anaima pambali, manja m'chiuno, mimba patsogolo, ngati munthu amene wabweretsa mkwatibwi pakhomo.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti. Galaja yanga ili pafupi ndi damu limene anthu amachitirapo mpikisano wa maboti othamanga kawiri pachaka, ndipo alamuwo, amuna a mlongo wanga, akhala akupikisana nawo zaka makumi awiri ndi zitatu. Anzawo amawatcha Namondwe. Dzinali analipata akadali ochepa thupi. Zaka zinayi zapitazi akhala akumaliza pachinayi, pena pachisanu, ndipo ulendo womaliza anapitiriridwa ndi dokotala wa mano amene anayamba zamaboti dzana lomweli.

Boti lawo ndi la fayiba, lopepuka, la mpando umodzi. Mukachotsa injini, anthu awiri amalinyamula osapuma. Mpando uli chakumbuyo, kufupi ndi injini, ndipo unamangidwa ndi mabauti anayi pamabowo amene ndinaboola ndekha kalekale, potengera miyendo yawo italiitali.

"Muipachike, alamu," anatero. "Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti mpikisano uchitike."

"Munafunsa ndani musanagule?"

"Ndifunsenso ndani? Mphamvu zake zalembedwa pabokosipo."

"Kulemera kwake kwalembedwanso pomwepo, m'munsi pang'ono, timalemba tating'ono."

Timalemba timeneto anali asanawerenge. Injini yatsopano inkaposa yakale ndi makilogalamu makumi anayi.

Ine sindipachika injini ndisanayese boti ndi zigubu. Chigubu cha malita makumi awiri chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu makumi awiri, ndipo sichinama kapena kubweza mimba mkati. Pathabwa lakumbuyo kwa boti, pamene pamakhala injini, pali mzere wofiira umene ndinapaka ndekha, chikhatho chimodzi ndi zala zitatu kuchokera pamwamba. Boti likaima pamadzi, munthu ali pampando, mzerewo uyenera kuoneka. Chifukwa chake n'chakuti boti lothamanga limakoka funde kumbuyo kwake. Ukaima mwadzidzidzi fundelo limakupeza, ndipo ngati kumbuyo kwatsika kwambiri limalowa osagogoda.

Ndinawauza alamu kuti akwere pa sikelo yoyezera mainjini. Iwo anati ndi zigubu zinayi ndi theka. Sikelo inati zisanu. Anavula nsapato, natulutsa makiyi ndi foni m'thumba, sikelo inatibe zisanu.

Tsiku limenelo kunali mwana wawo wamkazi. Amayendetsa ambulansi pachipatala, ndipo pachibale tonse timangomutcha Dalaivala. Akakhala kuti sali kuntchito ndiye amakoka ngolo ya boti kupita nayo kudamu. Amaibweza chambuyo kulowa m'madzi kamodzi n'kamodzi, pamene bambo ake amayesa katatu akukalipira magalasi. Boti amaliyendetsa pongolichotsa pangolo kukalikocheza, pang'onopang'ono, chifukwa mpaka pamenepo m'pamene amaloledwa. Bambo ake atatsika pasikelo, iye anakwerapo mwachibwana, akuseka. Muvi unaima pa zigubu zitatu. Tonse atatu tinauona muviwo, ndipo iye anatsikapo msanga n'kuyamba kufunafuna chinthu m'chikwama.

Kudamu tinayesa mwadongosolo. Injini yakale ili pamalo pake, zigubu zisanu pamalo a woyendetsa: mzere unaoneka bwino. Ndinamangirira zigubu ziwiri kumbuyo, m'malo mwa kulemera koonjezera: mzere unamira zala zitatu. Tinasamutsa batire kupita kutsogolo, thanki ya mafuta chimodzimodzi, tinachotsa kapeti ndi kabokosi ka masipanala, ndipo zonsezo zinatibwezera chala chimodzi. Koma thabwa lakumbuyo linafunika kulilimbitsa ndi chitsulo kuti lisang'ambike, ndipo chitsulocho chinadyanso chala chomwecho.

"Njira zilipo ziwiri," ndinawauza. "Musunge injini yakale, kapena pampandopo pachoke zigubu ziwiri."

"Zichoka," anatero.

"Masabata asanu ndi limodzi? Kapena tidule mwendo umodzi, alamu? Macheka ndili nawo."

"Inu pachikani injini. Zamimba ndi zanga."

Tinagwirizana kuti ndipachika, koma boti lidzathamanga pokhapokha mzere utaoneka iwo ali pampando. Dalaivala anakhuthula zigubu zija chimodzichimodzi n'kuzilongedza m'galimoto.

Ntchito yopachika inanditengera masiku anayi. Ndinakweza injini ndi tcheni, ndinaboola mabowo atsopano pathabwa, ndinamanga mabauti, ndinasintha zingwe za chiwongolero. Injini yakale ndinaiika pachoimikira pakona ya galaja n'kuifunditsa chinsalu. Boti litakhala pangolo linkaoneka ngati mwana wobereka mkulu wake kumsana.

Uku alamu anayamba nkhondo ndi thupi lawo. Anasiya shuga mu tiyi, anasiya buledi, mowa, mafuta a nyama. M'mawa uliwonse ankazungulira bwalo la mpira kasanu atavala juzi. Mlongo wanga ankabwera kugalaja kudzadandaula.

"Achimwene, pakhomo paja pasanduka chipatala. Ndikamaphika amadzaima pakhomo la khitchini n'kumanunkhiza, kenako n'kupita kukakalipira galu."

"Achepako?"

"Nkhope yokha. Lamba akadali pabowo lomwe lija."

Patatha masabata asanu anabwera kudzakwera sikelo. Anali atataya makilogalamu asanu ndi limodzi. Kwa munthu wa zaka zawo ndi ntchito yaikulu, koma pa zigubu sichinakwane n'theka lomwe la chimodzi. Anayang'ana muvi nthawi yaitali, ndipo ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinawauze. Anati atenga boti likagone kunyumba masiku awiri kuti alipukute, ndipo Loweruka m'mawa tikayese.

Loweruka tinakumana kudamu dzuwa litangokwera. Dalaivala anabweza ngolo m'madzi, alamu anavala jekete yoyandamitsa n'kukhala pampando. Ine ndinagwada pamatabwa okochezera maboti kusuzumira kumbuyo. Mzere wofiira unali pamwamba pa madzi, chala chathunthu.

Ndinadabwa, koma mzere ndi wanga, ndipo munthu sakayikira dzanja lake. Ndinaganiza kuti mwina makilogalamu aja anachoka pamalo abwino. Ndinawakwezera chala chachikulu n'kutulutsa wotchi.

Chilungamo ndinene: boti limenelo linali lisanathamangepo chonchi. Linadzuka pamadzi mwamsanga, mphuno inatsika bwino, linakhota pachizindikiro chakutali osagwedezeka. Anazungulira kawiri. Pobwerera analunjika pamene tinaima, akuseka mano onse pamtunda, ndipo atatsala pang'ono kufika anachotsa phazi pamafuta kamodzi n'kamodzi monga amachitira zaka zonsezi. Funde lawo lomwe linawapeza. Linakwera thabwa lakumbuyo n'kudzaza m'boti, lachiwiri linamaliza ntchito. Boti linakhala pansi chakumbuyo, mphuno kuloza kumwamba, ndipo Namondwe anayandama pambali pake atagwira chipewa.

Pamalopo si pakuya. Dalaivala analowa m'madzi mpaka m'chifuwa n'kuwakoka bambo ake pakolala ya jekete, ndipo asodzi awiri anatithandiza kukokera boti pangolo. Madzi akutuluka, ndinapita kumbuyo n'kuika dzanja langa pathabwa. Kuchokera pamwamba kufika pamzere panali chikhatho chimodzi chokha. Zala zitatu m'munsi mwake panali penti yoyera yatsopano, yopakidwa mosamala, ndipo mzere wanga unkaonekera mkati mwake mwa apo ndi apo. Kufiira kwa mzere watsopanowo ndinakuzindikira. Inali penti ya pageti la kunyumba kwawo.

Alamu anakhala pa tayala la ngolo akudontha madzi. Anandiona ndikuyeza, ndipo sanayese n'komwe kukana.

"Dzanja lanu ndi labwino," ndinatero. "Mzere wowongoka ndithu. Koma madzi sawerenga penti."

"Ndinaona ngati zala zitatu si kanthu."

Dalaivala anabwera n'kuyang'ana pathabwapo. Ankafinya malaya ake, ndipo analankhula motsitsa mawu ngati akupereka lipoti kuntchito.

"Bambo, ine ndimanyamula anthu tsiku ndi tsiku. Ena amafika, ena safika. Izi zikanachitika pakati pa damu, maboti khumi akubwera kumbuyo kwanu, bwenzi lero ndikuyendetsa inu." Kenako anatembenukira kwa ine. "Amalume, muwabwezere injini yakale ija. Azimaliza pachisanu, bola azibwera kunyumba."

Alamu anavula jekete ija n'kukwera galimoto. Tinabwerera kunyumba mipando ya galimoto itanyowa.

Injini yatsopano inali itamwa madzi pang'ono. Ndinaitsuka tsiku lomwelo, ndinachotsa mapulagi, ndinasintha oyilo kawiri, ndipo Lolemba inalira bwinobwino. Ndinapala penti ya pageti ija n'kubwezeretsa mzere wanga pamalo pake. Lachiwiri ndinavundukula injini yakale, ndinaipukuta, ndinaikoleka patcheni kudikira mwini wake. Ndinkadziwa kuti asankha imeneyo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iwo anali atavumbwa kale.

Lachitatu m'mawa anabwera ndi mwana wawo, amene anali atangoweruka, yunifolomu ili m'thupi. Alamu anayang'ana injini yakale ikulendewera patcheni, naigwira pachivundikiro monga mmene munthu amagwirira ng'ombe yokalamba.

"Loweruka lija munagwira wotchi," anatero. "Inati bwanji?"

Ndinawauza. Kuzungulira kumodzi anaposa amene anapambana chaka chatha ndi masekondi anayi.

"Ndinalimva," anatero. "Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala m'boti limeneli, sindinkadziwa kuti lili ndi liwiro lotere. Itsitseni yakaleyo, muifunditsenso."

"Alamu, mzere ndaubwezera pamalo pake."

"Ndauona." Anatulutsa tepi yoyezera m'thumba. "Amayi, takwerani apa."

Umu ndi mmene alamu amaitanira mwana wawoyo akafuna kumupempha kanthu. Dalaivala sanasunthe.

"Ine sindinapemphe, bambo."

"Ndikudziwa kuti simunapemphe. Mwakhala zaka khumi mukukoka ngolo osapempha. Takwerani tione miyendo."

Anakwera. Atakhala pampando phazi lake silinafike pachopondera mafuta, linaperewera pafupifupi chikhatho. Alamu anayeza okha, kawiri, n'kulemba ndi pensulo pansi pa boti. Ndinamasula mabauti anayi aja. Awiri anali atachita dzimbiri moti ndinachita kuwadula. Tinasunthira mpando kutsogolo, ndinaboola mabowo anayi atsopano, ndinamanga. Dalaivala anakhalanso, anaponda, anagwira chiwongolero, ndipo bambo ake anayamba kumuuza za chizindikiro chakutali, kuti mphepo imachokera kumanzere, ndi kuti dokotala wa mano amakhota motambasuka. Anamuuzanso kuti poima azichotsa phazi pang'onopang'ono. Pamenepo mwanayo anawayang'ana, koma ulemu unamugwira pakamwa.

Kumbuyo kwa mpando kunatsala mabowo anayi akale, akuda m'mphepete. Bowo pansi pa boti silisiyidwa lotseguka, ndiye ndinatenga mabauti afupiafupi ndi mphira zake.

"Ndingotseka ndi awa," ndinatero. "Tsiku lina mukafuna kubwezera mpando, n'kungomasula."

"Ayi. Mutseke ndi fayiba."

"Fayiba ikauma yauma, alamu. Ndipo pamalo amodzi sitiboola kawiri, pamafooka."

"N'chifukwa chake. Mukasiya mabauti, ine ndimadzidziwa. Munthu amene anapaka penti ija akhoza kumasula mabauti anayi."

Sindinatsutse. Ndinawapatsa chitini, ndipo anasakaniza okha utomoni ndi mankhwala oumitsira, akuwerenga madontho mokweza. Anagwada m'botimo movutikira, mawondo akulira, n'kutseka mabowo limodzilimodzi, kusalaza ndi chala chachikulu. Mwana wawo anawagwirira tochi ngakhale munali mowala, nkhope atayang'ana kumbali. Bowo lachinayi linawatengera nthawi yaitali kuposa ena atatu aja pamodzi.

Atatuluka anapukuta manja pachinsanza n'kukhala pabokosi limene munabwera injini. Ndinateleka ketulo monga ndimachitira nthawi imeneyo. Kwa masabata asanu ndi limodzi ndinali nditazolowera kuwapatsa tiyi wopanda kanthu, ndiye ndinangowapatsira kapu.

Anaiyang'ana, n'kundibwezera.

"Thiranimo shuga, alamu. Masupuni atatu. Palibenso amene andiyeze."