Ambulera ya a Soosai

"Boti la bambo silipita kulikonse," anatero Seelan, akusanjikiza mipando imene anthu anakhalira pamaliro. "Maluwa a pamanda sanafote n'komwe, iwe ukuganiza za mbalame?"

Mlongo wake Vathani anapitiriza kutsuka makapu a tiyi. Bambo awo, a Soosai, anali ataikidwa m'manda sabata lomwelo, ndipo m'mudzi mwawo ku Mannar anamfedwa sankapita panyanja mpaka Misa yokumbukira malemu pakatha mwezi itachitika. Vuto linali lakuti anapiye sadziwa mwambo. Chaka chilichonse nyengo ngati ino, a Soosai ankanyamula kagulu ka anthu kupita pachilumba cha mchenga kumene mbalame zoyera za m'nyanja zimaswa, kukaveka anapiye timphete tachitsulo m'miyendo kuti azizindikirika akakula. Asodzi ena sankafuna kutaya tsiku chifukwa cha mbalame zosagulitsika. Mwezi ukanati uthe, anapiye onse akanakhala atauluka.

"Achimwene, injini ndimaitha, njira ndimaidziwa," anatero Vathani. "A Hameed ndi ana awo a sukulu akungodikira mawu athu."

"Nanga anthu ati chiyani?"

"Anthu ake ati? Omwe atimalizira shugawa?"

Seelan sanaseke. Ankagwira ntchito ku Colombo, ndipo mbalamezo ankadana nazo kuchokera pansi pa mtima, chifukwa kwa iye zinamulanda bambo. "Pa ukwati wanga anafika mochedwa, akununkha zitosi," anatero. "Ngakhale atamwalira, mbalame zikhalebe patsogolo?"

Amayi awo anatuluka m'chipinda atanyamula ambulera yakuda, yazigamba. Ambulera imeneyi inali nthabwala ya pakhomopo. A Soosai ankapita nayo kuchilumba ulendo uliwonse, koma ankabwerako atapsa ngati nsomba yoyanika, amayiwo n'kumawapaka mafuta a kokonati uku akuwakalipira.

"Maliro ndikhalira ndine," anatero mayiwo, akuikankhira m'manja mwa Seelan. "Inu pitani. Mlongo wako sangapite yekha."

"Amayi, anthu alankhula."

"Alankhule. Akatopa amwa madzi."

Mmawa mwake ananyamuka. Vathani anagwira injini ngati anabadwa nayo, pamene mkulu wa ku Colombo anasanza njira yonse, ana a sukulu akuyang'ana kumbali mwaulemu. Boti litakhudza mchenga, mbalame zinadzuka zonse pakamodzi, phokoso lake munthu osamva mnzake.

"Vula nsapato, mwana wanga," anafuula a Hameed, mphunzitsi wopuma amene ankatsogolera gululo. "Mazira amafanana ndi mchenga. Phazi limamva msanga kuposa diso."

Ntchito inayamba. Ana a sukulu ankatola anapiye n'kuwaika m'dengu, Vathani ankatambasula kamwendo, a Hameed n'kutseka mphete ndi pulayala, kenako mwanapiye ankabwezedwa pamene anatoledwa. Seelan sanapatsidwe chochita. Pachilumbapo panalibe mtengo ngakhale umodzi, ndipo dzuwa litakwera anatsegula ambulera ija n'kudzifunditsa.

Ana a sukulu anasiya kutola, n'kumamuyang'ana.

"Bwanji? Ndaponda dzira?"

"Ayi," anatero a Hameed, akumwetulira. "Akungodabwa. Ambulera imeneyo sanaionepo pamutu pa munthu."

Seelan sanamvetse, ndiye a Hameed analoza dengu ndi pulayala. "Ife tikafika, makolo awo amathawira m'mwamba, anawa n'kutsala opanda mthunzi. Dzuwa ili limapha mwanapiye tiyi asanazizire m'kapu. Bambo ako mphete sankaveka, ankati zala zawo n'zazikulu. Ankangoima apa, atafunditsa dengu, mpaka womaliza."

Seelan anasuzumira m'dengumo. Tianapiye tinali titathinana pakona, milomo yasa, tikupuma mofulumira. Anakumbukira khosi la bambo ake litasupuka, ndi mmene iyeyo ankasekera mokweza kuposa onse, kuwafunsa ngati ambulera yawo inali yobooka. Iwo ankangoseka nawo. Zinamupweteka kwambiri kuti sanawafunsepo ngakhale kamodzi mofuna kumva yankho.

"Ankati ntchito imeneyi anaiphunzirira pa iwe," anapitiriza a Hameed, maso ali pa kamwendo kena. "Uli khanda m'boti, amayi ako akusankha nsomba, iwo ankakufunditsa chonchi. Akuti unkalira kuposa mbalame zonsezi."

"Mpaka pano," anatero Vathani.

Ana a sukulu anaphulika kuseka, ndipo Seelan anaseka nawo, ngakhale kuti maso ake anali atanyowa. Anayandikira dengu, akupondaponda mosamala ndi mapazi ake ofewa a m'tauni, n'kutambasula mkono. Mthunzi unachoka pamutu pake n'kugwera pa anapiye. Pang'onopang'ono timilomo tija tinayamba kutsekeka.

"Mupsatu achimwene," anatero Vathani.

"Amayi ali ndi mafuta a kokonati."

Mtsikana wina anabwera ndi anapiye ena awiri m'manja. Seelan anapendeketsa ambulera kuti nawonso alowe mumthunzi.