Galasi la 1984

Merrin Tapsell anathera zaka zisanu ndi zinayi pa kanthu kamodzi kumwamba: kanyenyezi kolephera kuyaka, kakakulu kuposa pulaneti koma kopanda moto wokwanira. Iye ankati kamazungulira nyenyezi ina yofiira yapafupi nafe. Akuluakulu ogawa nthawi ya telesikopu ankati mwina kangopezeka pamenepo mwangozi. Likafika Lachisanu popanda umboni, nthawi yake apatsa wina.

Lachitatu masana, kukutentha moti akangaru omwe, nyama zodumphadumpha za kumeneko, anali atabisala pansi pa mabulugamu, Des Kowalik, mkulu wokonza makina paphiri pomwe panali telesikopuyo, anam'bweretsera chithunzi cha thambo chojambulidwa pagalasi mu 1984.

"Landirani, adokotala. Nthawi imeneyo inu mano anali asanamere."

"Mwalitenga kuti, achikulire?"

"M'kabati munkati titaye ija."

Merrin anaika galasilo patebulo lowala n'kuyeza. Ngati kanyenyezi kaja ndi nyenyezi yofiira ija zinalidi pabanja, kadontho kake pagalasipo kanayenera kukhala kum'mawa kwa nyenyeziyo. Kanali kumadzulo. Anayezanso. Kumadzulobe. Anangoti khwee pampando.

"Basi," anatero. "Zaka zonsezi ndimalondola mlendo."

Des anayamba wamaliza kutafuna chitumbuwa chake cha nyama. Kenako anayendetsa chala m'mphepete mwa galasilo.

"Kusukulu yanu yaikulu ija anakuuzani kuti galasi lili ndi mbali zingati?"

"Lero lokha musandiseke, a Des."

"Gwirani apa. Poterera, eti? Tsono uku n'kokhakhala, n'kumene kuli mankhwala ojambulira. Inu mwaligoneka chafufumimba, kum'mawa mwakusandutsa kumadzulo. Ana a makompyuta inu mumamvetsa chisoni."

Analitembenuza. Merrin anayeza kachitatu, Des akumupumira fungo la anyezi paphewa. Kadontho kanagwera pomwe masamu ake ankanena, kuphonya pang'ono ngati tsitsi limodzi.

"Zaka makumi anayi nyenyezi ziwirizi zikuyenda limodzi," anatero Des. "Ine ndi Lorraine, mkazi wanga wakale uja, ngakhale khumi sitinakwanitse."

Merrin anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso anakokera mpando pakompyuta n'kuyamba kulembera akuluakulu aja, kupempha zaka zina zitatu zoti aone njira yonse ya kanyenyeziko.

Des anali atafika kale pakhomo, akusansa nyenyeswa m'ndevu.

"Pemphani zisanu, mwanawe. Anthu aja ndimawadziwa. Mukati zisanu m'pamene akupatseni zitatu."

Merrin anafufuta, n'kulemba zisanu.