Kobula wa Mapulasitiki pa Khonde la ba Annette

Ba Annette, eni nyumba imene ndimachita lendi ku Chilenje, anaima pakhomo pa kabini yanga atagwira m'chiuno.

"Amake Kayla, masaka aya nifuna yachoke pa Sande. Pano si pa dampu."

M'masakamo munali mapulasitiki amene ine ndi msuweni wanga Chiza tinkatola m'ngalande za ku siteshoni ya mabasi ya Intercity, aja amatseka madzi mvula ikagwa. Tinkawatsuka, kuwayanika, kenako kuwasungunula m'chitini pamodzi ndi makandulo, parafini ndi ufa wofiira wa penti. Chotuluka ndi polishi wa pansi, amene kuno timangoti kobula. Malo ena ophikira tinalibe. Masaka akachoka, bizinesi yafa isanayambe.

"Ba Annette, nipaseni khonde lanu chabe. Nizapaka mahala, osalipila. Mukapanda kukonda, masaka nizachosa neka."

Anaseka. "Kobula wophika m'chitini nimudziwa. Munthu akakhala pansi anyamuka na matako yofiira. Pa Chisanu kubwela azimai a mpingo. Ukanichititsa manyazi, uzachoka pamodzi na masaka yako."

Tikuphika, Chiza anafuna kuthira ufa wambiri kuti khonde lifiire ngati tomato. Ndinamulanda thumba. Ndinachapapo zovala za anthu ku Woodlands nditasiya sukulu, ndipo ndimadziwa kuti ufa wosefukira ndi umene umathera pa zovala.

"Iwe Petronella, kobula wako azaoneka monga tiyi," anatero Chiza.

"Vundula chabe, ba manija."

Lachisanu m'mawa ndinapaka mopyapyala, ndikusiya dzuwa ligwire ntchito yake. Kenako burashi. Kenako saka pansi pa mapazi, Kayla kumsana, ndikutsetsereka uku ndi uku pamene Chiza ankaimba ng'oma pa chidebe. Khonde linawala mpaka ndinaona mawaya a magetsi m'menemo!

Azimayi anafika. Anayamikira, inde, koma aliyense anatulutsa chitenje chakale m'chikwama n'kuyala asanakhale. Khonde lofiira salikhulupirira munthu. Mtima wanga unagwa: adzadziwa bwanji ngati palibe wolikhudza?

Ndinali nditakhazika Kayla pa udzu, atavala diresi loyera lija anam'patsa atate ake aang'ono. Anaona mbale ya mabisiketi kumapeto kwa khonde. Ndisanam'gwire, mwana uja anali atakwera kale sitepe. Anakwawa khonde lonse, pakati anatopa n'kuyamba kudzikhwekhwereza chokhala. Ba Annette anandiyang'ana diso lija.

Ba Eness, mtsogoleri wa azimayiwo, anamunyamula Kayla n'kumutembenuza ngati nkhuku ya pamsika. Anayang'ana mawondo. Anayang'ana kumbuyo kwa diresi. Anapita nayenso padzuwa. Loyera mbee!

Anam'patsa bisiketi, nakoka chitenje chawo, nakhala pansi penipeni ndi siketi yawo ya mtundu wa mkaka. Anagwedeza chiuno kawiri, naimirira.

"Eh, azimai, nioneni kumbuyo!"

Kunali kuseka ndi nthungululu. Zitenje zinabwerera m'zikwama. Wina anavula nsapato n'kuyamba kutsetsereka.

Ba Eness anafunsa, "Annette, kobula uyu wagula kuti? Wanga anasiliza mayunifomu ya bana."

Ba Annette anakonza duku lawo. "Sitigula ise. Tipanga pano pa yadi."

Tipanga! Chiza anatsamwa ndi chiseko kuseri kwa thanki. Ba Eness ankafuna zitini ziwiri. Mlongo wawo wa ku Kabwata ankafuna chimodzi, koma chakuda. Wina anafunsa ngati timalandira mapulasitiki a buledi, poti kwawo adzaza kabati. Ine ndinkangoti inde, inde, bweretsani.

Alendo atapita, ba Annette anabwera kumasaka kuja, nagunda limodzi ndi phazi.

"Chiza, nyamula aya."

Chiza anagwira saka limodzi, poganiza kuti akutithamangitsa, koma ba Annette anapitiriza.

"Ufake mu galaji. Siuona mitambo? Yazanyowa."