Bedi Pamwamba pa Madesiki

Chaka chimene dziko linalandira ufulu, anzathu akuvina m'misewu ya Kitwe, ife tinali kumanga katundu. Fumbi la mumgodi linali litadya mapapu a amuna anga, a Stanislaus, ndipo nyumba ya kampani sisunga munthu wosagwira ntchito. Kopa ankayenda malonda, mabwana akunenepa, koma wokumba kopayo anamulavula ngati makoko a nzimbe.

Mpingo unatimvera chisoni nkutipatsa sukulu yakale ya mishoni, kutchire kupitirira komboni ya Chimwemwe. Ana a pasukulupo anali atasamukira kusukulu yatsopano ya boma. Chipinda chinali chimodzi, ndinachidula pakati ndi nsalu, madesiki ndinawaunjika pakona. Pogona tinapeza, koma amene anamanga sukuluyo anali wouma mtima. Mazenera anawaika m'mwamba kuti ana asamayang'ane kunja. Munthu wogona pabedi ankangoona malata.

"Amake Norah," ankatero amuna anga, mpweya ukuvuta, "muno ni mumgodi mwina. Nifuna chabe kuona panja."

Kuwatulutsa sikunatheke, chifukwa kamphepo pang'ono chifuwa chinkawagwira mpaka kulavula magazi. Ndinapita kwa abambo a parishi kukapempha kuti tiboole khoma. Anati nyumbayo ndi yakale, ili ndi ulemu wake, komiti iyambe yakhala pansi. Komitiyo mpaka lero idakali chikhalire.

Nditatopa nazo ndinaitana Keziya, mayi wa ku Malawi amene tinayandikana naye. Tinasanja madesiki, ena pamwamba pa anzawo, nkukwezapo bedi kuti lifanane ndi zenera. Powanyamula amuna anga mtima unandipweteka. Munthu amene ankakweza thumba la ufa ndi dzanja limodzi anali atapepuka, akazi awiri tinangowatukula osapumira.

Zenera la kum'mawa linatsekedwa ndi chulu chachikulu, choncho tinasankha la kumadzulo. Ine ndinkaganiza za utsi wa kumgodi wa Nkana, kuti aziona kumene anasiya mphamvu zawo. Za manda a mishoni, amene anali kuseri kwa khoma lomwelo, sindinakumbuke. Ndinkawadutsa tsiku ndi tsiku popita kuchitsime mpaka maso anazolowera.

Amuna anga anayang'ana kunja nthawi yaitali. Keziya anandikodola, ndipo nditakwera pa desiki ndinaona mitanda ili ndandanda m'udzu. Ndinachita manyazi, misozi ikulengeza.

"Tiyeni tikutsitseni, atate ake Norah. Talakwitsa."

"Awe, nisiyeni," anatero. "Pano pali bwino. Mwauona mtengo wa masuku uja?"

"Ndauona."

"Mukaniike paja. Koma muwauze asakumbe maningi, dzenje lisazame. Pansi nakhalako mokwanira."

Anakhala pamwamba pomwepo mpaka mvula yoyamba. Chakudya ndinkawapatsira nditaima pa desiki, iwo akundiuza za mbalame zimene zatera mumtengomo.

Tsiku la maliro awo ndinasiya amayi anzanga m'nyumba nkupita kumanda, chinthu chimene namfedwa sachita. Adzukulu okumba manda anali atafika m'chiuno. Ndinawauza kuti basi, alekere pomwepo, mwini wake ananena. Anayang'anana, wamkulu wawo nati manda ali ndi muyeso wake, mayi. Ndinakalipa, ndinagwada, ndinagwira mpini wa fosholo. Keziya ndi amayi ena anabwera kudzandikoka, akuti chisoni chandizunguza mutu. Tikubwerera kunyumba ndinkamva fosholo ikupitiriza kumbuyo kwanga.