Malipenga Anayi a Dinah

Kassimu anapisa chala m'lipenga loyamba. Chinatuluka chofiira ndi fumbi.

"Mwaona, amayi? Injini yanu ikudya Lilongwe yense. Pang'onopang'ono."

Dinah anawerama pansi pa boneti. Dzuwa la Okutobala linali pamutu. Galaja ya Kassimu inali kuseri kwa mashopu a ku Area 1, kumene fumbi silipuma. Galimoto ya Dinah inali Corolla yakalekale. Koma injiniyo anaimanga yekha, Loweruka ndi Loweruka, ndi masipanala omwe anamusiyira malemu bambo ake. Silinda iliyonse inali ndi paipi yakeyake yokokera mpweya, yotambasuka kukamwa. Anayi onse, osavundikira. Amakaniko amawatcha malipenga. Akaponda moto, alonda a ku City Centre ankadzambatuka pamipando.

"Ndiye tiwavundikira ndi chiyani?" anafunsa Dinah.

"Njira zilipo ziwiri." Kassimu anapukutira chala pa ovolosi. "Bokosi. Limameza malipenga onse, sefa imodzi kutsogolo. Fumbi kulibe. Phokoso zii. Koma malo muno ndi ochepa. Ndiyenera kuwafupikitsa ndi sowo. Akadulidwa, adulidwa."

"Inayo?"

"Masokosi a siponji, lipenga lililonse yake. Osati siponji ya matiresi. Imeneyo petulo amaisungunula, injini n'kumeza. Ndikunena yeniyeni, yopaka oyilo. Mawu amatsala onse."

"Bokosi," anatero Ackson.

Ackson anali mwamuna wa Dinah. Anaima chapatali, kuopa kudetsa malaya. Anali atazemba ku ofesi ku Capital Hill nthawi ya nkhomaliro. Analinso mkulu wa mpingo.

"Tinamvana kale pafoni, a Kassimu."

Dinah anaweramuka. "Pafoni? Galimoto yanga mukuikambirana kuseri ngati ankhoswe?"

Kassimu anayang'ana kudenga. "Ine, amayi, foni ikalira ndimangoyankha."

"Amake Lisa, tamverani," anatero Ackson motsitsa mawu. "Amayi Eveless anandipeza dzulo. Akuti Lachinayi mukakafikanso ndi chiphokoso chimenechi, nyimbo atsogolera wina. Akuti mayi wovala yunifolomu sayenda ngati anyamata a m'mabala."

Eveless anali wapampando wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwawo. Dinah ndiye ankayambitsa nyimbo kumeneko, kuyambira Lisa ali kumsana. Pamaliro, paukwati, pokaona odwala. Ntchito ya ku ofesi akanatha kuisiya mawa. Nyimbo ayi.

"Ndinasokonezapo pemphero liti?" anafunsa. "Ndimafika asanayambe. Ndimazimitsira pageti."

"Nkhani si pemphero. Ndi maonekedwe."

"A ndani? Anu?"

Ackson anakonza tayi. "Kumsonkhano wa akulu a mpingo ndasanduka choseketsa. Mukangofika, amandigunda m'nthiti. Ati, 'Abambo, ndege yanu yatera.'"

Kassimu anatsokomola. Chinali chifuwa chobisira phwete.

"Galimoto ya amuna awo a Eveless imafuka ngati uvuni wa njerwa," anatero Dinah. "Anawachotsa pampando ndani?"

"Utsi sumveka m'tchalitchi."

"Koma umatsamwitsa."

Kassimu anatenga sowo pakhoma. Anaiika pamwamba pa batire, mano kumwamba.

"Ndinene chilungamo, amayi. Kwa injini, bokosi ndiye labwino. Masokosi ndi ukapolo. Kuchapa, kuyanika, kupakanso oyilo. Ndi fumbi la kunoli, mwezi sutha. Mukaiwala, mapisitoni apita. Walira mvula walira matope."

"Matewera a Lisa ndinkachapa tsiku ndi tsiku. Andiopseze masokosi anayi?"

"Ine ndangonena. Abwana ndi mboni."

"Mboni ija yoimba foni?"

Ackson anasendera pafupi. Nsapato yake inaponda m'oyilo wakuda, osazindikira.

"Amake Lisa, mukufuna kutaya nyimbo chifukwa cha zitsulo? Anthu akuyang'ana. Ine ndikayankha chiyani?"

Dinah anapita kuchitseko cha galimoto. Analowetsa mkono pawindo, n'kupotoza kiyi. Injini inadzuka. Anabwerera kutsogolo, anakoka waya wa moto ndi chala. Malipenga anabangula. Malata a galaja ananjenjemera. Mayi wogulitsa nthochi panjira anatembenuka ndi lichero lake lomwe.

Phokoso limenelo Dinah analisakasaka miyezi yambiri. Kupala, kuyeza, kumasula, kumanganso. Zala zinang'ambika. Palibe wa chigwirizano anamugwirirako sipanala.

Anazimitsa. Ananyamula sowo ija. Anaibwezera yekha pa msomali wake.

"Masokosi, a Kassimu. Akuda ngati alipo. Agwirizane ndi siketi ya yunifolomu."

"Amake Lisa!"

"Mukawayankhe kuti fumbi ndalitsekera. Pakamwa ayi."

Ackson anabwerera ku Capital Hill pa minibasi.

Lachinayi Dinah anavala bulauzi yoyera ndi duku lake. Anadutsa m'misewu ya Area 13 osanyengerera. Pageti la tchalitchi anazimitsa, monga mwa masiku onse. Amayi omwe anali pakhonde anasiya kucheza.

Eveless anamudikira pakhomo, buku la nyimbo lili m'manja.

"Mwasankha nokha, amake Lisa."

"Ndasankha, amayi. Mwaswera bwanji?"

Pamalo a Dinah akutsogolo panali patakhala kale wina. Dinah anapita ku benchi yakumbuyo, pafupi ndi matsache ndi ndowa. Anatsegula buku, m'zikhadabo muli oyilo wosachoka.

Wotsogolera watsopano anaiyamba nyimbo pamwamba kwambiri. Amayi anakwera naye movutika. Pofika ndime yachiwiri, ambiri anali akungoyendetsa milomo.

Dinah anakoka mpweya. Anaitola nyimboyo kuchokera kumbuyoko, pa mawu ake enieni. Benchi yapatsogolo pake inamutsatira. Kenako ina.

Eveless anacheuka, maso ali psuu.

Dinah anamuyang'ana osaphethira. Anakweza mawu.