Thalauzi la Kabatani

"Muvuleni nsapato, mumugoneke apa," anatero anamwino.

Tinamugoneka Kabatani, mdzukulu wanga, pa thabwa loyezera msinkhu, iye akuponya timiyendo ngati tamuika pamoto. Anamwino anayang'ana thabwa, kenako mayi ake, kenako ine.

"Mwanayu akupinimbira. Msinkhu watsalira."

"Sadwaladwala ameneyu," ndinatero. "Ndipo ngosaboola m'thumba. Thalauzi ili bambo ake, atelala, anamusokera chaka chatha, mpaka lero likumukwana."

Amayi onse pabenchi anafa nalo phwete.

"Nanga mpendero wonsewu anaupindira chiyani, agogo?" anafunsa anamwino.

"Kuti akamakula tizimasula."

"Mwamasulapo?"

Ndinayang'ana kudenga.

Anamwino anatikhazika paphunziro. Anati kupinimbira sikuthera m'miyendo, kumafika ndi m'mutu, mwana nkudzavutika kusukulu. Kenako anafunsa mpongozi wanga kuti Kabatani amadya ndi ndani.

"Ndi akulu ake, mbale imodzi."

Masana ndinakoka mpando kuti ndidzionere ndekha. Akulu akewo manja ngati mafosholo. Kabatani anatola nyemba imodzi, kuiyang'anitsitsa, kuionetsa mphaka, ndiye nkuiika m'kamwa. Pobweza dzanja, mbale inali ikuwala ngati yotsuka.

Ndinapita kukagula kambale kofiira. Lamulo ndinaika limodzi: kameneka nka Kabatani yekha, ndipo akamadya mayi ake azikhala pambali mpaka amalize. Muzilowa phala la dzira, nyemba zopota, masamba, kachipatso, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, monga anatiphunzitsira.

Akulu ake anamvera. Mbala inatulukira kwina. Tsiku lina ndinapeza mwana wanga, telala uja, tepi ili m'khosi, ataweramira kambale kofiira, supuni yaikulu m'manja.

"Ndikungolawa ngati lazizira, amayi."

"Dzira lonse lija limatentha?"

Ndinamulanda supuni nkumuthamangitsira ku mashini ake.

Inapita miyezi. M'mawa wina mpongozi anakuwa ali kubafa: "Amayi, tabwerani mudzaone!" Ndinathamanga ndikuyesa mwana wagwa. Ndinapeza Kabatani ataima chilili, akakolo ali pamtunda, thalauzi lathawira m'mwamba. Kusikelo anamwino anati anzake sanawapezebe, koma msinkhu wayamba kuyenda, tisatope.

Telala anamasula mpendero akuimba mluzu, nkumauza makasitomala kuti mwanayo watengera iye kutalika.

"Watengera kambale," ndinatero. "Tsono tamvera, bambo a Kabatani. Mkazi wakoyu ndi woyembekezera, naye akufunika kudya bwino. Dzira la mwana ulisiye, la mayi ake usaliyandikire. Ndipo tsiku la sikelo utseke mashiniwo, ukakhale nawo pabenchi, ukamve wekha. Ine mawondo atopa, sindingamalondere mbale m'nyumba muno mpaka kalekale."