Bakuli Lotsukidwa Bwino

Amuna anga, a Gurudas, ndi munthu waukhondo. Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke wonena kuti sindiwayamikira. Akamwa tiyi amatsuka kapu, akavula nsapato amazindandalika, ndipo chaka chatha, ine nditapita kwathu ku Udupi, ku India, kukadwazika mayi, anapeza m'khitchini muli bakuli lachitsulo la achemwali Shailaja. Analitsuka, analipukuta mpaka munthu kumadziona nkhope, n'kuwoloka kolido kukalibweza. Lopanda kanthu.

Bakuli la mnzako silibwerera lopanda kanthu. Ukasowa chophika umaikamo nthochi, ukasowa nthochi umaikamo shuga wodzaza dzanja. Kulibweza louma ndi kuuza mwini wake kuti zathu zathera pano. Amuna anga anakulira m'dziko lomwelo limene ndinakuliramo ine, koma zikuoneka kuti tsiku limene anthu ankaphunzira zimenezi iwo anali kotsuka kapu.

Achemwali Shailaja si a bere limodzi ndi ine. Ndi mayi a pakhomo loyang'anizana ndi lathu, m'nyumba yosanja muno mu Ruwi, dera la mzinda wa Muscat, kutali ndi kwathu. Ndinawapeza nditangofika ku Muscat, ndili mkwatibwi wosadziwa ngakhale kogula kokonati, ndipo kuyambira pamenepo mabakuli akhala akuwoloka kolido. Ana athu anakula, anapita kusukulu ku India, mabakuli akuwolokabe. Tsiku limene ndinapita padera, chimene chinayamba kulowa pakhomo panga chinali bakuli lawo, eni ake pambuyo.

Nditabwerako ku Udupi ndinapeza mbale yanga ya maluwa, imene inali kwa achemwali, ili patebulo. Nayonso yotsukidwa bwino.

"Abweretsa ndi achemwali anu," anatero amuna anga. "Nanenso ndinawabwezera lawo lija. Pano aliyense ali ndi zake."

"Munaikamo chiyani?"

"Muti?"

"M'bakulimo."

Anaganiza pang'ono. "Ndinaikapo chivundikiro."

Mwina mukuti bwanji sindinangogogoda n'kufotokoza. Ndinafuna. Koma iwonso anali atabweza mbale yanga youma, chikhalirecho akudziwa bwino lomwe kuti ndinakwatiwa ndi munthu wosasiyanitsa mchere ndi soda. Anayenera kudziwa kuti si ine. Ndikhulupirira kuti nawonso kwawoko ankati ine ndiyenera kudziwa chinachake. Choncho tinatha chaka chathunthu tonse tikudziwa, tikupatsana moni wouma m'chikepe.

Diwali, chikondwerero chathu cha nyale, itayandikira, Mayi Doshi a pansi pathu ananditsina khutu pamalo otayira zinyalala. A Pai, amuna a achemwali, apuma pantchito. Chitupa chokhalira m'dziko chatha. Akunyamuka Lamlungu la pambuyo pa chikondwerero, kubwerera kwawo ku Mangaluru, ku India, ulendo wosabweranso. Kuno munthu sukalambako, ntchito ikatha nawenso watha. Zimenezo ndinkazidziwa. Chimene chinandipweteka n'kuzimva kwa Mayi Doshi, nditanyamula thumba la makoko a mbatata, pamene eni nkhani amagona kuseri kwa khoma langa.

Madzulo ake ndinauza amuna anga kuti Lachisanu tichita phwando la sonkhesonkhe, aliyense abwere ndi chakudya chake.

"Phwando? Inu simufuna anthu pa kapeti wanu."

"Lachisanu ndiwafuna."

Nzeru yake inali yosavuta. Paphwando lotere munthu amabwera ndi chakudya m'bakuli, ndipo pochoka amalisiya, poti mumakhala mutatsala zina. Mwini nyumba amalibweza mawa lake, lodzaza. Achemwali abwera ndi bakuli, ine ndilidzaza, ndiwoloka kolido, nkhani yatha, popanda wopepesa.

Koma walira mvula walira matope. Aliyense amene ndinamuimbira foni anati, "Mungondiuza chobweretsa, chilichonse." Ine ndinati, "Chilichonse." Ulemu umatero, sungalamule mayi mnzako chophika. Mayi Doshi, amene sadya anyezi, adyo, kapena chilichonse chomera pansi pa nthaka, anabwera okha kudzanunkhiza mapoto anga ngati ali oyenera, ndipo anyezi wanga yense anakagonera m'galimoto kuti asamupeze. A Chacko, mwamuna wosakwatira wa ku Kerala wokhala pamwamba pathu, nditawauza kuti pa Diwali sipadyedwa nyama, anafunsa ngati nsomba ndi nyama.

Achemwali ndinawaitanira m'chikepe.

"Achemwali, Lachisanu kuli kaphwando kwathu. Masana."

"Ndamva."

"Mubwera?"

"Ndibweretse chiyani?"

"Chilichonse."

"Chabwino."

Chikepe chinafika pansi, aliyense anapita kwake. Chaka chonsecho tinali tisanachezepo nthawi yaitali chotero.

Ine ndinaphika patrode, masamba a koko opakidwa phala la mpunga, tsabola ndi bwemba, okulungidwa n'kuphikidwa pa nthunzi. Achemwali akaona patrode amaiwala kuti adokotala anawaletsa chiyani. Masambawo ndinawasaka mpaka ku Wadi Kabir dzuwa likuswa mtengo, ndipo manja anandiyabwa tsiku lonse. Zokulunga zabwino kwambiri ndinazibisa m'firiji kuseri kwa mkaka, kudikira bakuli lawo.

Lachisanu linafika. Tinyale tadothi ndinayatsa masana omwewo, poti madzulo aliyense amakhala ndi mapemphero kwake. Pakhomo panaunjikana nsapato, amuna anga n'kumazindandalika. Mayi woyamba anabwera ndi mpunga wa mandimu. Wachiwiri anabwera ndi mpunga wa kokonati. Wachitatu mpunga wa bwemba. Mayi Doshi anabwera ndi mpunga wopanda kanthu kalikonse, umene anati ndi wopepuka m'mimba. Ndiwo zinali ndi ine ndekha. A Chacko anabwera ndi thumba la tchipisi ta nthochi ta m'sitolo, anakhala nalo pampando, ndipo anatithandiza kwambiri kulimaliza.

Ine maso anali kukhomo. Belu litalira komaliza, ndinakafika kuchitseko ndisanavule n'komwe nsalu yopukutira paphewa.

Achemwali anaima pamenepo atavala sari yawo yobiriwira, a Pai kumbuyo kwawo. M'manja anali atanyamula payasa, phala lawo la mpunga ndi mkaka wa kokonati limene nyumba yonse yosanjayi imalidziwa fungo lake. Linali m'chimbale chapulasitiki, zija zotaya mukadyera.

"Ziwiya zonse zinapita kale pa sitima ya pamadzi," anatero a Pai mosangalala. "Sabata ino tikudyera m'mapepala ngati anthu a pa depoti."

"Mukatha kudya ungochitaya, Vasanthi," anatero achemwali, akuyang'ana makatani anga. "Palibe chobweza."

"Nzeru zimenezo!" anatero amuna anga. "Palibe zotsuka."

Ndinawayang'ana. Anabwerera kunsapato.

Anthu anadya. Anadya mpunga ndi mpunga, n'kuwonjezera mpunga. Abambo analankhula mawu otsanzikana ndi a Pai, aliyense akunena kuti salankhula zambiri. Achemwali anakhala pakona ya sofa ndi mbale pamwendo, anatenga patrode kamodzi kokha. Ine ndinalowa m'khitchini ndipo ndinalira. Sindibisa, ndinalira ndithu, chifukwa munthu amene anandisambitsa ndili wosatha kuima anali kuchoka, ndipo chomaliza pakati pathu chinali chimbale cha kudzala. Mayi Doshi atandipeza ndinati ndi anyezi. Anayang'ana uku ndi uku m'khitchinimo, n'kundiyang'ana ine, n'kutuluka mwaulemu.

Mzikiti wa kuseri kwathu utaitana mapemphero a dzuwa litapendeka, alendo anayamba kusaka nsapato zawo, zimene tsopano zinali m'mizere mwa kukula kwake. Mabakuli a mpunga anatsala patebulo, lililonse likudikira kudzazidwa. Achemwali anatsanzika ndi mutu.

Ndinapeza amuna anga pa sinki akutsuka chimbale chapulasitiki chija.

"Ichi nacho tibweze?" anafunsa mosamala. Munthu amaphunzira, ngakhale mochedwa.

"Tayani."

Ndinakoka mpando, ndinakwera, n'kutsitsa pamwamba pa kabati bakuli langa la ukwati. Ndi lachitsulo cholemera, ndipo m'mbali mwake bambo anga analembetsamo dzina langa la pautsikana ndi timadontho ta msomali. Silinatulukepo m'nyumba muno. Ngakhale mwana wanga wamkazi atalipempha ndinamuuza kuti adikire maliro anga. Ndinalidzaza patrode wa kuseri kwa mkaka uja mpaka chivundikiro kumakana, n'kuwoloka kolido.

Chitseko chawo chinali chotsekula. M'nyumbamo munalibe kanthu, mawu ankachita kubwerera m'makoma. A Pai anali ataima pa sikelo atakumbatira sutikesi, kuyeza kulemera kwake. Achemwali anali pansi akupinda zovala.

"N'chiyani ichi?" anafunsa.

"Patrode."

"Patrode ndikumumva fungo. Ndikunena bakulili."

"Ndi bakuli."

"La ukwati wako." Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Vasanthi, ndege ndi ya Lamlungu. Gasi tinabweza. M'nyumba muno mulibe ngakhale shuga wa nyerere."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndiikamo chiyani?"

"Si vuto langa limenelo, achemwali."

"Palibe chovuta apa," anatero a Pai ali pa sikelo pomwepo. "Tidya, titsuka bwinobwino, mawa m'mawa ndiwolo..."

"Inu khalani chete," tinatero tonse awiri.

Achemwali analandira bakulilo ndi manja awiri. Anavundukula, anatsina chidutswa n'kudya ali chiimire. Anatafuna nthawi yaitali.

"Bwemba wachepa," anatero.

"Chaka chathunthu popanda wondiuza, mumati atani?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya sari. Kenako anauza a Pai kuti atsitse sutikesi. Anaitsekula, anaika bakuli pambali pake kuyerekeza malo, n'kutulutsa nsapato zakuda za a Pai ndi wotchi ya pakhoma imene anapatsidwa kuntchito potsanzikana.

"Mayi, zimenezo ndi nsapato zanga zabwino!"

"Muli ndi mapazi angati? Mwavala kale zina."

"Nanga wotchi?"

"Mwapuma pantchito. Nthawi mukufuna ya chiyani?"

Anatembenukira kwa ine, bakuli ali nalo pachifuwa ngati khanda.

"Kwathu mango amapsa mu Meyi," anatero. "Udzabwere udzatenge. Lidzakhala lodzaza." Ndinali nditafika kale pakhomo pamene anawonjezera: "Udzabwere wekha. Osatuma amuna ako."

Lamlungu ananyamuka. Ndinawaperekeza mpaka pa takisi, ndipo pobwerera ndinakwera masitepe chifukwa sindinafune kulowa m'chikepe ndekha. Chitseko choyang'anizana ndi chathu chili chotseka mpaka lero, ndipo ndikatuluka m'mawa mtima umandiwawa chimodzimodzi. Wotchi ya a Pai ili pakhoma pathu, nsapato anatenga a Chacko.

Sabata yotsatira amuna anga, akupukuta fumbi pamwamba pa kabati, anaona kuti pali malo opanda kanthu. Anati pali sitolo ina ku Ruwi konkuno imene imagulitsa mabakuli otero, olemera bwino, ndipo atha kundigulira lina lero lomwe.

Ndinawauza kuti asiye za bakuli, agule tikiti ya ndege ya mwezi wa Meyi. Imodzi.